Kodi chimanga cha GMO tichiope kapena tichilandire? Yankho kwa mayi wa ku Dedza

Mayi wina wa ku Dedza, amene ndi mphunzitsi wa kupulayimale komanso amalima chimanga, nyemba ndi kachewere, wandilembera imelo yokhudza mbewu za GMO. Akuti anamvetsera mtsutso pa wailesi, pamene katswiri wa sayansi ankanena kuti chimanga chosinthidwa chibadwa ndicho chidzathetse njala m'dziko muno, koma wotsutsana naye, wochokera ku bungwe lina loyankhulira alimi, ankanena kuti chimangacho ndi msampha wa makampani akunja. Madzulo ake, pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwawo panafika uthenga wakuti chimanga cha GMO chimayambitsa khansa, chimachititsa kuti anthu asabereke, ndiponso sichimera ukachibzala kachiwiri. Mayiwa akufunsa kuti akhulupirire ndani, popeza makolo a ana amene amawaphunzitsa amabwera kudzawafunsa nkhani zoterezi, podziwa kuti mphunzitsi amawerenga.

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyamba ndi kukuuzani maganizo anga mosabisa, zifukwa zake zibwere pambuyo. Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti chimanga cha GMO chimene chikulimidwa ndi kudyedwa m'mayiko ena lero sichivulaza wochidya, ndipo uthenga wa pa WhatsApp uja ndi wabodza pa mfundo zake zonse. Komabe katswiri wa pa wailesi uja analonjeza zopitirira zimene mbewu iliyonse ingachite, ndipo wotsutsana naye anali ndi mfundo yeniyeni, ngakhale kuti mwina sanaifotokoze bwino. Ine nkhawa yanga ili pa zimene zingachitike m'munda ndi m'thumba mwa mlimi, ndipo zimandipweteka kuti mtsutso wathu umathera mphamvu zake pa nkhani ya poizoni, imene inafufuzidwa kale mokwanira, pamene nkhani za mtengo wa mbewu, umwini wake ndi kasamalidwe kake zikungodutsa popanda wozifunsa.

Pali chisokonezo chimodzi chimene tiyenera kuchichotsa poyamba. Anthu ambiri akamva za GMO amaganiza za mbewu zogula m'sitolo zija, zopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, monga Kanyani, Mkango, Njobvu ndi za DK. Zimenezo ndi za haibulidi, ndipo zimapangidwa pokwatitsa mitundu ya chimanga m'munda, mungu wa ku ngayaye za mtundu wina n'kugwera pa ndevu za mtundu wina, monga mmene chimanga chimaberekera nthawi zonse, kungoti akatswiri ndiwo amasankha makolo ake. MH17 ndi MH18, zimene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa mu 1990 ndipo amayi anazikonda chifukwa zinkakonoleka bwino ngati chimanga cha makolo, zinali za haibulidi. Mbewu ya GMO ndi ina. Imeneyi imapangidwa mu labotale, pamene akatswiri amatenga kachidutswa ka DNA, komwe ndi kamalangizo ka chibadwa, kuchokera ku chamoyo china n'kukalowetsa m'mbewuyo kuti ikhale ndi khalidwe limene inalibe.

Chimanga chimene chikukambidwa kwambiri kuno ndi cha Bt, ndipo dzinali likuchokera ku bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Bacillus thuringiensis. Bakiteriya ameneyu anadziwika ku Japan mu 1901 atapha mbozi zopanga silika, ndipo pofika 1938 ku France anali atayamba kugulitsidwa ngati mankhwala opopera m'minda. Mpaka lero alimi amene amakana feteleza ndi mankhwala a m'fakitale amamupopera pa ndiwo zamasamba. Iye amapanga puloteni imene ikalowa m'matumbo a mbozi imakagwira pa malo ena apadera a khoma la matumbowo n'kuliboola, mbozi n'kusiya kudya mpaka kufa. Matumbo a munthu, a mbuzi ndi a nkhuku alibe malo oti puloteniyo igwirepo, ndipo m'mimba mwathu imagayika ngati puloteni ina iliyonse ya m'chakudya. Chimene akatswiri anachita ndi kutenga malangizo opangira puloteniyo n'kuwaika m'chimanga, kotero kuti kapuchi kapena ntchemberezandonda ikaluma tsamba imadya mankhwala ake pomwepo. Kwa amene amaona kuti kusakaniza chibadwa cha zamoyo ziwiri n'kosemphana ndi chilengedwe, pali nkhani ya mbatata. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium pamodzi ndi a International Potato Center ku Peru anayeza mitundu 291 ya mbatata yolimidwa, ndipo mu yonse anapezamo DNA ya bakiteriya wotchedwa Agrobacterium, imene inalowamo yokha kalekale. Bakiteriya yemweyo ndi amene akatswiri amagwiritsa ntchito nthawi zambiri polowetsa DNA m'mbewu.

Mbewu za GMO zinayamba kulimidwa m'minda ikuluikulu mu 1996. Dziko la South Africa linayamba kulima chimanga chachikasu cha Bt mu 1998 ndi choyera cha nsima mu 2001, ndipo lero chimanga choposa magawo 80 pa 100 alionse cha m'dzikolo ndi cha GMO. Aliyense wa ife amene ali ndi m'bale ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town ali ndi m'bale amene wadya nsima ya ufa umenewu kwa zaka zambiri, ndipo abale athuwo akubereka ana komweko. Mu 2016 bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine la ku America linatulutsa lipoti litaunika zofufuza zoposa 900. Mwa zina, linayerekezera kuchuluka kwa matenda monga khansa ku America ndi Canada, kumene anthu amadya kwambiri zakudya za GMO, ndi ku Britain ndi mayiko a kumadzulo kwa Ulaya, kumene sazidya kwenikweni, ndipo silinapeze kusiyana kumene kungagwirizanitsidwe ndi zakudyazo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalo limanena kuti zakudya za GMO zimene zili pamsika zinayezedwa ndipo palibe chosonyeza kuti zingavulaze anthu. Izi sizikutanthauza kuti mbewu iliyonse yatsopano ingololedwa popanda kuyezedwa. Kampani ya Pioneer inayesapo kuika puloteni ya mtedza wa ku Brazil mu soya, koma zoyeza zimene zinafalitsidwa mu 1996 zinaonetsa kuti anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedzawo akanadwala nayenso soyayo, ndipo sanafike pamsika. Mbewu iliyonse iyenera kuyezedwa payokha.

Nkhani ya khansa ili ndi gwero lake lodziwika, ndipo n'kutheka kuti zithunzi za makoswe otupa zotupa zazikulu zinafikanso pa foni yanu. Zithunzizo zinachokera m'kafukufuku wa Gilles-Éric Séralini wa ku France, amene anafalitsidwa mu September 2012 m'magazini ya sayansi yotchedwa Food and Chemical Toxicology. Iye anadyetsa makoswe chimanga cha GMO cha mtundu wa NK603 kwa zaka ziwiri. Vuto linali lakuti anagwiritsa ntchito makoswe a mtundu wa Sprague-Dawley, amene ambiri mwa iwo amatuluka zotupa akamakalamba ngakhale adye chakudya chotani, ndiponso gulu lililonse linali ndi makoswe 10 okha, ochepa kwambiri moti sizikanatheka kusiyanitsa zotupa za ukalamba ndi zobwera ndi chakudya. Magaziniyo inachotsa kafukufukuyo mu November 2013. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mayiko a ku Ulaya, amene ambiri mwa iwo sakonda mbewu za GMO, anapereka ndalama za boma kuti nkhaniyi ifufuzidwenso ndi makoswe ambiri kwa zaka ziwiri pa chimanga chomwecho, ndipo sipanapezeke vuto. Koma zithunzi zinali zitafala kale. Dziko la Kenya linaletsa kuitanitsa zakudya za GMO mu November 2012 chifukwa cha kafukufuku ameneyu, chiletsocho chinakhalapo mpaka boma la William Ruto linachichotsa mu October 2022, ndipo nkhaniyo inapitirira m'makhoti.

Ngati tikufuna poizoni weniweni wa m'chimanga woti tiuze makolo, ndi chuku. Chimanga chosauma bwino kapena chosungidwa pachinyezi chimachita nkhungu imene imatulutsa poizoni wowononga chiwindi, ndipo ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga choterocho. Mabowo amene mbozi zimaboola ndiwo khomo limene nkhungu imalowera, n'chifukwa chake zoyeza zambiri zapeza kuti chimanga cha Bt chimakhala ndi poizoni wocheperako wa mitundu ina ya nkhungu.

Kuti timvetse chifukwa chimene nkhaniyi imautsira mkwiyo kuno kwathu, tiyenera kubwerera ku chaka cha 2002. Chaka chimenecho anthu oposa 13 miliyoni a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Lesotho ndi Swaziland anali pa chiopsezo cha njala, ndipo kuno njalayo inakula chifukwa chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Thandizo lalikulu linachokera ku America kudzera ku World Food Programme, ndipo linabwera ngati chimanga cha alimi a kumeneko, chimene chinali chosakanikirana ndi cha GMO. Pulezidenti wa Zambia Levy Mwanawasa anachitcha poizoni, nati njala ya anthu ake si chifukwa chowapatsira chakudya chowavulaza. Anatumiza akatswiri a sayansi a dziko lake ku America, ku South Africa ndi ku Ulaya kuti akafufuze, ndipo mu October 2002 boma lake linatsimikiza kuti likukana chimangacho, chogaya ndi chosagaya chomwe. Akuluakulu ena a boma la America anayankha mwaukali, ngati kuti dziko lanjala lilibe ufulu wofunsa chimene likupatsidwa, pamene mabungwe ena otsutsa GMO a ku Ulaya analimbikitsa mantha a poizoni iwo ali okhuta. Mayiko athu anapezeka ali pakati pa mkangano wa malonda wa America ndi Ulaya, ndipo njovu ziwiri zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Pa mawu akuti poizoni, a Mwanawasa analakwitsa, ndipo mawu amenewo akuyendabe mpaka lero m'mauthenga ngati umene munalandirawo. Koma a Zambia anali ndi nkhawa zina zomveka. Dziko lawo linalibe lamulo loyendetsera mbewu zoterezi, linalibe zipangizo zoziyezera, linkaopa kutaya misika ya ku Ulaya, ndiponso linkadziwa kuti mlimi wanjala akalandira chimanga chosagaya nthawi ya dzinja ikuyandikira, china amachibzala. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anasankha kulandira chimangacho koma chiyambe chapita kuchigayo, kuti anthu adye ufa popanda njere yolowa m'nthaka. Ine ndimaona kuti njira imeneyi inali yanzeru, chifukwa inalekanitsa nkhani ya kudya ndi nkhani ya kubzala, zimene mtsutso wa pa wailesi uja unazisakaniza. Chaka chomwecho dziko lino la Malawi linakhazikitsa lamulo loyendetsera mbewu zoterezi la Biosafety Act, ndipo Zambia inakhazikitsa lake mu 2007.

Tsopano za mbewu yosamera kachiwiri. Mu 1998 kampani ya Delta and Pine Land pamodzi ndi unduna wa zaulimi wa ku America analembetsa umwini wa njira yopangira mbewu imene zokolola zake sizingamere, ndipo otsutsa anaitcha Terminator. Anthu padziko lonse anakwiya, kampani yaikulu ya mbewu za GMO ya Monsanto inalonjeza mu 1999 kuti sidzaigulitsa, ndipo mu 2000 mayiko a m'pangano la United Nations loteteza zamoyo zosiyanasiyana anagwirizana kuti isayesedwe m'minda kapena kugulitsidwa. Mbewu imeneyo sinagulitsidwepo kwina kulikonse. Chimanga cha GMO chimamera bwinobwino ukachibzalanso, ndipo ngati zokolola zikuchepa chaka chachiwiri, chifukwa chake n'chomwe chija mumachidziwa pa haibulidi aliyense wobwereza. Chimene chimaletsa mlimi kubzalanso ndi lamulo. Ku America mlimi akamagula mbewuyi amasayina kuti sadzasunga zokolola ngati mbewu, ndipo mu 2013 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera Monsanto pa mlandu wa Vernon Bowman, mlimi wa ku Indiana amene anagula soya wapamsika n'kumubzala. Kampani ya Bayer inagula Monsanto mu 2018, ndipo lero makampani anayi, Bayer, Corteva, Syngenta ndi BASF, ndiwo akugulitsa pafupifupi theka kapena kuposerapo la mbewu zonse zamalonda padziko lapansi.

Apa ndi pamene wotsutsa wa pa wailesi uja anali ndi mfundo. Dziko limene limasowa ndalama zakunja zogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala liyenera kuganiza mofatsa lisanaike chakudya chake chachikulu pa mbewu imene mwini wake ali kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Tinaona kale chiyambi chake pa thonje. Thonje la Bt linayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013 ndipo linafika kwa alimi mu 2019. Alimi a m'maboma olima thonje monga Chikwawa, Balaka ndi Salima anayamikira kuti kupopera kunachepa, zimene si zazing'ono kwa munthu amene amanyamula sipuleya kumsana padzuwa la kuchigwa popanda zodzitetezera, koma dandaulo la mtengo wa mbewu linamveka nthawi yomweyo. Komabe si mbewu zonse za GMO zimene zili m'manja mwa makampani mofanana. Ku Nigeria khobwe wa Bt, amene anatulutsidwa mu 2019, anakonzedwa ndi akatswiri a boma a ku Institute for Agricultural Research ku Zaria mothandizana ndi bungwe la African Agricultural Technology Foundation, popanda msonkho wa umwini wopita kukampani, ndipo popeza si wa haibulidi, mlimi akhoza kusunga mbewu yake. Choncho funso loyenera kufunsa pa mbewu iliyonse ndi lakuti mwini wake ndani ndipo mlimi adzaloledwa kuchita nayo chiyani.

Zimene zinachitika ku Burkina Faso ziyenera kudziwika kwa aliyense wolankhula pa nkhaniyi. Dzikolo linayamba kulima thonje la Bt mu 2008, ndipo patapita zaka zochepa minda yambiri ya thonje inali ya Bt. Alimi analikonda chifukwa linachepetsa ntchito yopopera. Koma thonje la ku Burkina Faso linkadziwika pamsika wa padziko lonse chifukwa cha ulusi wake wautali, ndipo mitundu yatsopanoyo, imene inapangidwa pokwatitsa mitundu ya kumeneko ndi mtundu wa ku America wonyamula Bt, inatuluka ndi ulusi waufupi. Makampani ogula thonje anayamba kuluza ndalama, ndipo mu 2016 anasiya kupereka mbewuyo kwa alimi. Palibe amene anadwala, ndipo puloteni ya Bt inagwira ntchito yake yopha mbozi, koma ntchito yokwatitsa mbewu inachitika mothamanga, khalidwe limene dzikolo linkadalira n'kutayika. Pa chimanga chathu, khalidwe loterolo ndi kulimba kwa njere, kutulutsa mphale yambiri pokonola, kupirira anankafumbwe m'nkhokwe ndi kukoma kwa nsima yake. Amayi a kumudzi anakana mitundu ina ya haibulidi yofewa pa zifukwa zimenezi kale GMO isanamveke, ndipo ayenera kufunsidwa mbewu isanatulutsidwe.

Vuto lina limene ochirikiza GMO salitchula kawirikawiri n'lakuti mbozi zimazolowera. M'gulu la mbozi zambirimbiri mumakhala zochepa zimene puloteni ya Bt siizipha, ndipo minda yonse ikakhala ya Bt, zotsalazo zimakwatirana zokhazokha n'kuchulukana mpaka mbewuyo kutha mphamvu. Ku South Africa, kapuchi wosamva chimanga cha Bt anapezeka cha m'ma 2007 m'minda yothirira ya m'dera la Vaalharts, zaka zosakwana khumi chiyambire kulima chimangacho. Ku Brazil ntchemberezandonda, zomwezi zimene zinafika mu Africa mu 2016, zinagonjetsa mtundu wina wa chimanga cha Bt m'zaka zochepa, ndipo ku India mbozi yofiirira ya thonje inazolowera thonje la Bt lotchedwa Bollgard II. Njira yochedwetsera zimenezi ndi yoti mlimi asiye gawo la munda, ku South Africa magawo 5 pa 100 osapopera kapena 20 pa 100 opopera, n'kubzalamo chimanga wamba kuti mbozi zosazolowera zipitirize kuswana n'kumakwatirana ndi zolimba zija. Alimi aakulu a kumeneko, okhala ndi mathirakitala ndi alangizi awoawo, ambiri sanatsate lamuloli poyamba. Tsono taganizani, mayi, za mlimi wa ekala imodzi amene akuuzidwa kuti asiye mizere ina kuti mbozi zidye, m'dera limene mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa chikwi. Popanda dongosolo lenileni pa nkhani imeneyi, tikhoza kugula mbewu yodula imene idzagwire ntchito zaka zochepa chabe.

Mitundu ina ya chimanga cha GMO inapangidwa kuti isafe ikapoperedwa mankhwala opha udzu a glyphosate. Mankhwalawa ali ndi mtsutso wawo, chifukwa mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inawaika m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, pamene mabungwe oyang'anira mankhwala ku America ndi ku Ulaya anapeza kuti akagwiritsidwa ntchito motsata malangizo sapereka chiopsezo chotero. Kwa ife pali nkhani ina yapafupi. Munda wa kwathu sukhala wa chimanga chokha. Mumakhala nyemba, maungu, nandolo ndi khobwe, ndipo bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimamera zokha n'kukhala ndiwo za miyezi ya njala. Kupopera glyphosate pamwamba pa chimanga chomera kumapha zonsezi. Mbewu yotereyi ingathandize pa esiteti, koma m'munda wa kasakaniza ikhoza kuchotsa ndiwo pa mbale ya ana.

Nanga njala? Mbozi ndi mdani weniweni, ndipo aliyense amene anaona chimanga chitadyedwa kumtima mu 2017, chaka chimene a Peter Mutharika analengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28 chifukwa cha ntchemberezandonda, sangapeputse mbewu yodziteteza yokha. Alimi anathira mchenga, phulusa, sopo ndi msuzi wa usipa m'mitima ya chimanga, ena n'kumasakaniza mankhwala oopsa ndi manja. Ngati chimanga cha Bt chingachepetse zimenezi, ndi phindu lenileni ndipo sitiyenera kuwamana alimi chifukwa cha mphekesera. Koma mu March 2024 a Lazarus Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo Bt sagwetsa mvula. Sabwezeretsa chonde m'nthaka yoguga, sachotsa kaufiti, satsitsa mtengo wa feteleza, ndipo saletsa mavenda kugula chimanga motchipa pokolola n'kudzachigulitsa modula mu February. Amateteza zokolola zimene munda ukanatha kupereka, basi. Ngakhale chimanga cha GMO chimene chimatchedwa chopirira chilala chakumana ndi mafunso, moti mu October 2024 khoti la apilo la ku South Africa linathetsa chilolezo cha mtundu wa MON 87460 pa mlandu umene bungwe la African Centre for Biodiversity linakasuma, ponena kuti oyang'anira sanatsate bwino ndondomeko younika mmene mbewuyo ingakhudzire chilengedwe. Mlandu umenewu umandilimbitsa mtima, chifukwa ukusonyeza kuti otsutsa akhoza kupambana ndi mfundo za lamulo ndi umboni popanda kuopseza anthu ndi khansa.

Kuno kwathu, kuwonjezera pa thonje, kwayesedwapo khobwe wa Bt ku Bunda ndi nthochi zopirira matenda a chisaka ku Bvumbwe, ndipo zaka zaposachedwapa ku Bunda kwakhala kukuyesedwa chimanga cholimbana ndi ntchemberezandonda m'munda wotchingidwa. Kuyesa kotereku ine ndimakuchirikiza, chifukwa dziko losayesa lokha limangodalira zonena za ogulitsa kapena za owatsutsa. Chimene ndikupempha n'chakuti zotsatira zake zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, zifalitsidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, ndiponso kuti chimangacho chiyerekezeredwe ndi mitundu yabwino imene alimi akulima kale, m'minda ya alimi enieni ya feteleza wochepa. Makolo akakufunsani, mukhoza kuwauza molimba mtima kuti ufa wake si poizoni ndipo sutseketsa kubereka. Koma muwalimbikitsenso kuti alangizi kapena ogulitsa mbewu akadzabwera, adzawafunse mtengo wake poyerekeza ndi haibulidi wamba, ngati adzaloledwe kusunga mbewu, amene adzayang'anire kuti mbozi zisazolowere, ndiponso ngati thumba lidzalembedwe moonekera kuti wosafuna athe kukana.

Chotsala ndi chimanga cha makolo, chimene mabanja ambiri a kwanuko amasungabe. Mungu wa chimanga umauluka ndi mphepo, ndipo mlimi aliyense anaonapo njere zachikasu kapena zofiirira pa chimanga choyera chifukwa cha munda wa mnzake. M'midzi yathu, mmene minda imalekana ndi mzere umodzi, chimanga cha GMO chikadzabzalidwa chidzakwatirana ndi cha makolo monga mmene haibulidi wakhala akuchitira. Zimenezi sizidzavulaza wodya, koma zikhoza kumulanda mwayi wosankha mlimi amene akufuna mbewu ya agogo ake, ndipo lamulo liyenera kunena momveka kuti mlimi wotere sangaimbidwe mlandu chifukwa cha mungu umene wabwera wokha. Ku Chitedze kuli malo osungirako mbewu za makolo, ndipo ayenera kupatsidwa ndalama zokwanira kuti atolere mitundu ya m'maboma onse chilolezo cha chimanga cha GMO chisanaperekedwe. Pakadali pano, banja lofuna kusunga mtundu wake lisankhe chimanga cha mbewu kuchokera pakati pa munda, kutali ndi malire, chifukwa mungu wambiri wochokera kwa oyandikana nawo umagwera m'mizere ya m'mphepete. Kudimba, kumene mlimi amasankha yekha tsiku lobzala, kusiyanitsa kabzalidwe ndi mnzake kwa milungu itatu kapena inayi kumathandiza kuti minda iwiriyo isamasule nthawi imodzi.